Mpeni Ulibe Mlandu

Lolemba, 4 Meyi

Abwana a kukhitchini andiitanira pambali. Akuti anyezi wanga akutuluka wokhotakhota, wina wonenepa wina woonda. Ndati mipeni ya pahotela pano ndi yobuntha, ngakhale nthochi yakupsa singadule. Iwo: "Loweruka mubwere ndi yanu, tidzaone." Akapanda kukhutira, kwanga kwatha. Ndakalambira pa ntchito yophikayi, ina sindiidziwa.

Lachiwiri, 5 Meyi

Mkamwini wandibwereka kachipangizo kake konolera. Mpeni umaumanga pa chopanira, mwala uli kunsonga ya kandodo kachitsulo, iwe n'kumangokankha. Mwalawo sungapendekeke ngakhale utafuna. "Bambo, kameneka ngakhale woledzera amanola nako bwino." Ndaseka nawo, koma zandilasa. Kale ndinkanola pa mwala wamba uku ndikucheza, osayang'ana n'komwe.

Lachitatu, 6 Meyi

Ndanola yonse ya m'nyumba muno, ndi kosendera mbatata komwe. Mayi a ana kudandaula, tebulo lonse madzi akuda. Mpeni wanga waukulu ukumeta ubweya wa pamkono. Mtima pansi pang'ono.

Tiyi ndikumathira theka la kapu masiku ano. Palibe wafunsa chifukwa.

Lachisanu, 8 Meyi

Dzulo sindinalembe, cholembera chimangothawa mzere.

Ndadikira onse a m'nyumba muno achoke, n'kutenga anyezi. Mpeni ukulowa wokha ngati m'madzi. Koma wokhotakhota yemwe uja. Wina, chimodzimodzi. Winanso, magazi a chala changa pathabwa. Ndakhala pansi m'khitchini momwemo, dzanja lamanja pabondo, kuliyang'ana likunjenjemera lokha ngati si langa. Ndalikalipira mokweza ngati mwana. Silinamve.

Ndili ndi mantha. Bola mpeni ukanakhala wobuntha, ndikanakhala ndi chonamizira.

Loweruka, 9 Meyi

Ndinapita, mipeni nditaikulunga m'nsalu. Abwana anayesa waukulu uja pa tomato, n'kuimba mluzu. "Achikulire, wakuthwa chonchi sindinauonepo." Kenako thabwa, anyezi, mpeni m'dzanja langa. Anzanga onse anasiya ntchito, maso pa ine. Ndinati ndikasambe kaye m'manja. Ndinatulukira khomo la kumbuyo, epuloni ili m'thupi.

Ndili pa benchi ya pasiteji, mabasi akungodutsa. Mipeni yatsala komweko, iwathandiza. Kunyumba akudziwa kuti ndiweruka madzulo.