Akuti ndine wa kunyanja, koma sinditha kusambira

Aphungu,

Mutu wanga waima. Ndine bambo wa zaka 31, ndimagwira ntchito kustolo ya mgodi wina kuno ku Bindura. Ndinabadwira mukomboni, bambo anganso chimodzimodzi. Amene anachokera ku Malawi ndi agogo.

Chaka chino kampani inagula mabwato apulasitiki okwera anthu awiriawiri, aja amati kayaki, kuti tikapikisane ndi migodi ina padamu. Posankha anthu, bwana wa zamasewera anandiloza n'kunena kuti, "Uyu musamufunse, ndi wa kunyanja, anabadwira m'bwato." Anthu anawomba m'manja. Aphungu, chibadwire umalawi wanga wakhala chinthu chondinyozera, kuyambira kusukulu. Tsiku limenelo unasanduka ulemu, ndipo ndinangomwetulira osatsutsa.

Zoona zake n'zakuti nyanjayo sindinaionepo, ndipo kusambira sinditha ngakhale pang'ono. Madzi akafika m'chiuno, ndimabwerera kumtunda.

Chondisokoneza n'chakuti kupalasa ndikutha! Ine ndi mnzanga Tafara, amene ndimakwera naye, tasiya anzathu kumbuyo masiku a Loweruka anayi otsatizana. Bambo anga afalitsa kale nkhaniyi kumzikiti. Akuti, "Zili m'magazi zimenezo, mwanangu. Ukagwera m'madzi thupi lidzakumbuka lokha." Ndinayamba kukhulupirira. Koma azakhali anga a Asima atamva anaseka mpaka misozi. Akuti agogowo kwawo kunali kumapiri a ku Namwera, ndipo powoloka Zambezi pobwera kuno anadzifunditsa bulangete kumutu kuti asaone madzi. Ndiye magazi akewo ndi ati?

Tafara iye anaulula poyera kuti satha kusambira. Jekete yoyandamitsa pamadzi amangoikoleka osamanga zingwe, akuti imamuthina popalasa. Nditamuuza kuti amange anandiyankha m'Chishona kuti, "Handityi mvura, shamwari," kutanthauza kuti sindiopa madzi mnzanga, kenaka n'kuwonjezera kuti angaope bwanji madzi ali ndi ine. Mkazi wake wangochira kumene, mwana wamkazi.

Tsopano mphunzitsi wathu wati Loweruka likubwerali tiphunzira zochita bwato likatembenuzika. Tikaligubuduza dala pakati pa damu, ndipo oyamba ndi ife, kuti ena aonere kwa katswiri.

Ndinamizire matenda? Ndisiye masewerawa pamene ndayamba kuwakonda? Kapena bambo akunena zoona, ndingolimba mtima? Ndikaulula, dzina lija loti "mubwidi" lomwe ankatinyoza nalo ife ochokera ku Malawi libwerera, ndipo nkhope ya bambo anga ndiiika kuti?

M.I., Bindura

Achimwene M.I.,

Ndakumverani chisoni, komanso mwandikwiyitsa. Chisoni chifukwa ndikudziwa kukoma kwa kuwomberedwa m'manja pa chinthu chimene wakhala ukunyozedwa nacho. Mkwiyo chifukwa m'kalata yonseyi mukudera nkhawa nkhope yanu ndi ya bambo anu, pamene amene ali pangozi ndi Tafara.

Tithane kaye ndi za magazi. Bambo anu amakukondani, koma pano alakwitsa. Ngakhale ana a asodzi enieni amachita kuphunzira kusambira, ndipo ena amamira ndithu. Kupalasa mukutha chifukwa muli ndi mikono yolimba ndipo mwakhala mukulimbikira. Luso limenelo ndi lanu, mwalikhetsera thukuta, si la agogo aja a bulangete kumutu.

Woyamba kumuuza ndi Tafara, lero lomwe, pamaso, osati pafoni. Akwiya, ndipo ali ndi chifukwa. Mukatero mupite nonse kwa mphunzitsi Loweruka lisanafike. Mphunzitsi wanzeru amakonda kumva zoterezi ali pamtunda. Mum'pemphe kuti phunzirolo lichitikire pamadzi ofika m'chifuwa, iye ali pambali panu, majekete atamangidwa zingwe zonse. Jekete ikathina, ithine. Kenaka pezani wokuphunzitsani kusambira, awiri nonse. Munthu wamkulu amaphunzira m'masabata ochepa, ndipo palibe chamanyazi.

Zonamizira matenda iwalani. Mudwala Loweruka lino, nanga linalo? Masewerawa musasiyenso ayi. Anzanu akusekani sabata imodzi, mwina ziwiri, kenaka apeza wina womuseka. Bambo anu muwauze mofatsa pambuyo pake, kunyumba, ndipo azakhali anu akhalepo kuti akuthandizeni.

Koma mvetsetsani ichi. Ngati lifike Loweruka musanatsegule pakamwa, musakwere bwato limenelo, ngakhale akukokeni. Munthu akamamira saganiza, amakakamira amene akumudalira, ndipo sataya. Tafara adzakakamira inu, chifukwa mwamulola kukhulupirira kuti mungamupulumutse, ndipo mudzapita pansi nonse awiri.

Aphungu