Kompyuta Ikuti Amayi Sanakalambe

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa ine, apongozi anu ndi mdzukulu wanu. Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja ukuvutabe m'mamawa? Achimwene anandiuza pa foni kuti mankhwala mukumwa bwinobwino, koma ananena mothamanga moti ndinadziwa kuti munaima pambali pawo. Mundiuze nokha zoona zake.

Ife kuno tili bwino. Ine ndikadali pa tebulo langa la ku ofesi, kuwongola malipoti a anthu amene amakawomberedwa m'manja chifukwa cha ziganizo zanga. Mdzukulu wanu mano akutsogolo aguluka, ndipo akumaseka dala kuti msewu wonse uone.

Nkhani yaikulu m'nyumba muno ndi apongozi anu. Inu mumawadziwa ngati mphunzitsi, koma chigulireni kompyuta ya pabalaza anadzikweza okha pa udindo, pano ndi injiniya. Matenda awo ndi timapulogalamu taulere totola pa intaneti. Mutiganize ngati tiantchito tokhala m'kati mwa makinawo, kalikonse ndi kantchito kake kamodzi basi. Anzawo amaweta nkhunda, iwo amaweta timeneti.

Kena kamaimba belu kukumbutsa munthu kuti aimirire akamwe madzi. Kameneka amakamvera msangamsanga, pomwe ine mawu omwewo ndawanena chikwatiranireni, osamveka. Mwina chimene ndinkasowa ndi belu. Kena kamaonetsa pakona ngati kunja kukugwa mvula, chonsecho kompyutayo ili pansi pa zenera. Tsiku lina ndinawapeza akutsutsana ndi zeneralo: kunja kukuwaza, iwo akuti zovala zikhalebe pachingwe poti kapulogalamu kakuti mvula ndi ya mawa.

Koma ndisawanyoze kwambiri, tina ndatikonda ndithu. Pali kena kamene kamakumbukira mawu onse amene ndakopera, moti dzina lalitali la bungwe lathu ndinasiya kulilemba mobwerezabwereza. Ndinakaikanso ku ofesi, ndipo mayi amene timakhala moyandikana akuti ndawachiritsa dzanja. Kena kamachepetsa kuwala kwa sikirini dzuwa likapendeka, maso osawawa. Pa tiwiri timeneti ndinawayamika apongozi anu, ndipo kuyamikako ndi kumene kunatipweteka.

Tsopano khalani pansi, poti zotsatirazi zikukhudza inu.

Mukukumbukira kuti bambo atatisiya munandipatsa kamera yawo, n'kundiuza kuti ndikutsukireni zithunzi zanu zapakhomo zija? Ndikunena zimene ankakujambulani chaka ndi chaka pa tsiku lokumbukira ukwati wanu: inu pa mpando wamanja uja, chitseko kumbuyo, diresi ya buluu yomweyo, iwo ataima pafupi ndi mpopi. Sanazitsukepo, ankati adzatsuka zonse pamodzi. Ine ndinazikopera mu kompyuta, ndipo kakhadi ka mu kamera tinakagwiritsa ntchito zina poganiza kuti m'kompyuta ndi m'malo otetezeka.

Mwezi wathawu kompyuta inayamba kudandaula kuti yadzaza. Injiniya wathu anatola kapulogalamu kena kofufuza zithunzi zofanana. Kakapeza zingapo zooneka chimodzimodzi, kamasunga chowala bwino n'kutaya zinazo. Anakayatsa Loweruka ine ndili kumsika. Pa zithunzi za mdzukulu wanu kanagwira ntchito yotamandika, poti bambo ake akamujambula chala chimakanirira pa batani. Kenako kanafika pa zanu. Kanaziyang'ana zonse, mpando womwewo, chitseko chomwecho, diresi yomweyo, n'kugamula kuti ndi chithunzi chimodzi chongobwerezedwa. Apongozi anu anali atatopa ndi kuona chimodzichimodzi, ndiye anangodina povomereza zonse. Zotayidwa zimayamba zakhala m'kadzala ka m'kompyuta momwe munthu angathe kuzitolanso, koma ali ndi kapulogalamu kenanso kosesa, kakhama kwambiri, ndipo kanakokolola kadzalako tsiku lomwelo.

Ine ndinazindikira patapita masiku, nditati ndizitenge ndikatsukitse. Nditsegule foda yanu, ndinapezamo inu mmodzi yekha.

Ndinaitana apongozi anu n'kuwafunsa mwaulemu kumene apititsa mayi anga. Anayamba ndi kundiuza kuti kapulogalamuko anthu a pa intaneti anakapatsa nyenyezi zambiri. Ndinawayankha kuti nyenyezizo bambo anga sizinkawadziwa. Thukuta litayamba, anati tikaiona bwino nkhaniyi ndi yonyaditsa, chifukwa makina opanda tsankho aunika zaka zonsezi n'kupeza kuti apongozi awo sanasinthe ngakhale pang'ono. Ndinati mawu okoma choncho ndi bwino akakuuzeni okha pamaso, ndipo anyamuliretu zovala zokwanira. Anayesanso kunena kuti bambo nawonso anawonjeza, munthu kuima malo amodzi zaka zonsezo ngati mtengo wa magetsi. Mwamwayi wawo belu la madzi linalira, ndipo sindinaonepo munthu wamkulu akuthamangira kapu ngati tsiku limenelo.

Kunena zoona, Amayi, mtima unandithawa. Munandisungitsa chinthu chimene simungakachipeze kwina, ndipo ndinasowa poyambira kukuuzani.

Paja amati madzi akatayika saoleka, koma ku koleji anatiphunzitsa kuti m'kompyuta nthawi zina amaoleka. Ukafufuta chinthu, makinawo amangochotsa dzina pachitseko, mwini chipinda amakhala akadali momwemo mpaka wina atalowa. Choncho ndinalamula kuti munthu asaikhudzenso kompyutayo. Ndipo musaseke: mankhwala ake analinso kapulogalamu kena kakang'ono, kofukula zofufutidwa. Ulendo uno ndinakasankha ndekha, injiniya ataima kumbuyo, manja atawapinda ngati mwana woitanidwa ku ofesi ya ahedi.

Lamulungu masana zithunzi zinayamba kutuluka chimodzichimodzi, zopanda maina, zopanda madeti, zosakanikirana. Tinafunika kuzisanja ndi maso. Pamenepo ndi pomwe ndinaona zimene makina sanaone. Chitseko chinasintha penti. Pali chaka chimene dzanja lanu linali m'pulasitala, mukuyesa kulibisa kuseri kwa mpando. Diresi ija kwina yakuthinani, kwina mwaibweza. Imvi zinayambira kumanzere. Pepani, kompyuta inakunamizani: munakalamba ndithu, koma mwadongosolo.

Zingapo za pakati zinatizunguza, sitinkadziwa chotsogola. Amene anatipulumutsa ndi apongozi anu omwewo. Analoza m'munsi mwa zithunzi, ndipo ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo: chithunzithunzi cha bambo chili pansi m'chilichonse, poti ankaima dzuwa lili kumsana. Zigongono atazitambasula ngati nkhuku yofuna kuuluka. M'zoyambirira chili chowongoka, kenako chikuwerama, kenako pambali pake pakuoneka ndodo. Tinasanja zotsalazo potsata msana wa bambo. Apongozi anu anatuluka panja kanthawi, akuti m'maso mwalowa fumbi la m'kompyuta.

Zonse zinabwerera zamphumphu, kupatula chimodzi, ndipo sindikubisirani. Ndi chomaliza, cha chaka chatha. Theka la kumwamba lili bwinobwino: mukuseka kwambiri, mutu mutaupendeketsa, zikuoneka kuti bambo anali atanena kanthu. Kuyambira m'maondo kutsika m'munsi ndi phulusa lokhalokha. Pamene panayenera kukhala chithunzithunzi chawo palibe kanthu. Ndayesa timapulogalamu tina, takanika. Apongozi anu amafuna tidule mbali yowonongekayo kuti chioneke chaukhondo, ine ndakana. Ndachitsukitsa momwemo.

Zonse ndaziika m'buku la zithunzi, ndipo ndilitumiza ndi msuweni wanga akamabwera kumeneko kumapeto a mwezi. Ndatsukitsa ziwiriziwiri, ndipo zonse ndazisunganso pa kachipangizo kotchedwa fulashi, kamene ndakabisa pamalo pomwe injiniya safika, m'kabati ya ziwiya. Kapulogalamu kolakwa kaja anakachotsa okha popanda mwambo. Tinato tikadalipo, ndipo tikukhala nato mwamtendere. Iwo akupepesa kwambiri. Foni akuopa kuimba, akuti ayamba amva kaye mmene mwailandirira kalatayi. Musawakhwimitsire, koma musafulumirenso kuwakhululukira, chifukwa masiku ano akutsuka mbale osatumidwa.

Pempho langa ndi limodzi. Achimwene anandiuza kuti mukufuna kupereka mpando uja kwa aneba, poti wojambula kulibenso. Chonde musaupereke. Tsiku lija likubwera mwezi wamawa. Muvale diresi ya buluu, mukhale pakhomo, achimwene aime pafupi ndi mpopi dzuwa lili kumsana. Foni yawo ikwanira. Akadandaula kuti sadziwa kujambula, muwauze kuti bambonso sankadziwa, n'chifukwa chake ankaima malo amodzi. Mukaona kuti chaka chino n'zolemera, ndimvetsa, sindikukakamizani. Kungoti tsamba lomaliza la bukulo ndalisiya lopanda kanthu.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu anga, muwauze alamu kuti nsalu ija inafika ndipo anzanga akundichitira nsanje. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi ana onse, osaiwala aneba amene ndawalanda mpando asanaukhalire. Mdzukulu wanu akuti mumusungire malo pamwendo wabwinowo.

Mankhwala muzimwa ngakhale achimwene asakuoneni.

Ndine mwana wanu wotsiriza,
Wapakamwa uja