Bulangete la Pampando Wakumbuyo

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa achemwali anga,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndipo bondo lija lasiya kukuzunzani. Ife kuno tikudzuka. Mwana wanu wabwerera ku koleji, ine ndayambiranso ntchito ku laibulale, ndipo ndikudya, musade nkhawa. Ndasankha kulemba pamanja chifukwa pafoni mumandidula mawu, pamene nkhani ya lero ndikufuna muimve mpaka kumapeto.

Ndi nkhani ya galimoto ya malemu alamu anu. Mukukumbukira mmene ankainyadira haibulidi yawo ija, yoyendera mafuta ndi batire, yochoka pakhomo mwakachetechete ngati mphaka. Iwo ali moyo, manambala a kutsogolo kwa chiwongolero ankaonetsa makilomita 22 pa lita imodzi. Chiwaikireni m'manda, manambalawo akhala akungotsika: 20, kenako 17, mpaka 14. Injini imene kale inkagona tikaima pamzere wa magalimoto inayamba kulira osapuma.

Mng'ono wawo wa malemu atamva anati, "Alamu, batire lalikulu lafa limenelo. Gulitsani isanakufereni m'manja." Inunso munanena zomwezo. Sindinakutsutseni, ndipo mumtima ndinavomera kuti likakhaladi batire ndigulitsa, pakuti kugula lina sindingathe. Koma ndinazengereza masabata atatu, monga amachitira munthu woopa kukamva zotsatira za kuchipatala.

Lolemba m'mawa ndinalimba mtima, ndinapita kwa makaniko wawo wa alamu anu, bambo wachikulire amene onse amamutcha a Khutu chifukwa amayamba wamvetsera injini asanagwire sipanala. Anandipepesa, anandipatsa mpando, kenako ndinawauza kuti batire lafa.

"Wakuuzani ndani, mayi?"

"Alamu anga."

"Alamu anuwo amagwira ntchito yanji?"

"Amaphunzitsa masamu."

"Eya, tiwasiyire masamuwo. Kuno sitiyamba ndi kuimba mlandu batire. Timayamba ndi mbava zing'onozing'ono."

Anayamba ndi matayala. Awiri anali ochepa mpweya, ndipo anati tayala lofewa lili ngati kuyenda pamchenga, mafuta amathera pamenepo. Ndinachita manyazi, chifukwa alamu anu ankawapima Loweruka lililonse, ine n'kumawaseka kuti akusisita galimoto kuposa mkazi wawo. Kenako anaikweza m'mwamba n'kuzungulitsa tayala lililonse ndi dzanja kuti aone ngati mabuleki akugwira okha. Anali bwino. Fyuluta ya mpweya wa injini anaiyang'ana padzuwa, anaigwedeza, n'kuibwezera. Anandiuzanso kuti ndiyendetse iwo ali pambali panga, ndipo titabwerako anati, "Phazi lanu ndi lofatsa, mlandu mulibe. Koma zimene tapezazi sizingabe makilomita asanu ndi atatu. Mbala yaikulu ikadali m'nyumba."

Analumikiza kakompyuta kawo pansi pa chiwongolero, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Batire lanu silinafe. Lili ndi malungo."

Anandifotokozera kuti batirelo limakhala pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo lili ndi fani yake yoliziziritsa, imene imakoka mpweya pa kabowo ka m'mbali mwa mpandowo. Likatentha, galimoto imalipumitsa n'kusenzetsa injini ntchito yonse. Atatero anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kuima chilili.

Achemwali, apa ndiye pali zimene sindinakuuzeni. Tsiku limene tinachoka kuchipatala ndinaika katundu wa alamu anu pampando umenewo: bulangete lawo la ubweya, pilo, jekete, ndi mabuku asanu ndi limodzi amene ndinkawawerengera kuwodi. Nditakuuzani kuti zonse ndinachapa n'kulongedza, ndinanama. Miyezi itatu ndakhala ndikuyenda nazo. Bulangetelo linatsetsereka n'kutseka kabowo kaja, ndipo ubweya wake unadzaza m'fani.

A Khutu sanaligwire. Anavula chipewa, n'kunena kuti, "Mayi, ili musunthe nokha. Ine ndikasambe m'manja." M'manja mwawo munalibe chilichonse, koma anakhalitsa kumpopi. Ndinalipinda ndekha bulangetelo. Linkanunkhirabe mafuta aja alamu anu ankadzola m'mutu.

Atamasula faniyo anatulutsa ubweya wodzaza dzanja. Akupukuta anandifunsa osandiyang'ana, "Kodi galimotoyi imakhala yoyaka nthawi yaitali ili chiimire?" Ndinati ayi. Anangoti, "Chabwino," koma ndinaona kuti adziwa. Inu ndikuuzani zoona. Ndikaweruka madzulo ndimafika pakhomo dzuwa likadalipo, koma sinditsika. Ndimakhala m'menemo ola lathunthu, choziziritsa mpweya chili choyaka, ndikuwerenga buku limene tinalisiya pakati. Injini imati ikagona, n'kudzidzimuka yokha, monga ankachitira alamu anu pampando wa pabalaza, ndipo ine ndimamva ngati ndikuwerengera munthu. Ndawerenga mabuku ambiri onena za chisoni, koma palibe limene linandichenjeza kuti chimamwa petulo.

Pondiperekeza anati, "Malemu ankati inu mumawerenga bwino kuposa a pawailesi. Mukafuna kukhalamo, khalani, galimoto ndi yanu. Koma muzithimitsa, mutsegule mawindo. Ndipo kabowo kaja kazipuma."

Lero ndi tsiku lachitatu chichokereni kugalaja. Dzulo manambala anafika 19, m'mawa uno 20. Pamzere wa magalimoto injini inagona, ndipo munali zii moti ndinamva mayi wina akukalipira mwamuna wake m'galimoto ya pambali. Ndinaseka ndekha, koyamba chichitikireni maliro. A Khutu akuti ndibwererenso pakatha mwezi kuti aone ngati kutentha kuja sikunalifooketse batire, koma nkhope yawo sinali ya munthu wodandaula. Choncho sindigulitsa. Mng'ono wawo wa malemu ndamuuza, ndipo akuti ankadziwa kale kuti ndi fani.

Bulangete ndachapa, lili pachingwe. Pilo ndalowetsa m'nyumba. Mabuku asanu ndabweza pashelefu, lachisanu ndi chimodzi latsala ndi mitu iwiri, ndipo ndikulimaliza pang'onopang'ono, mawindo ali otsegula. Jekete lokha ndiye musandifunse. Ndalikoleka pampando wakutsogolo, kumene kulibe kabowo kalikonse koti litseke.

Ndili ndi pempho limodzi. Mukabwera pa tchuthi musakwere basi yochokera kudepoti, ndidzakutengani ndekha. Ndaphunzira kupima matayala, mudzaona. Mudzakhala kutsogolo, jeketelo mudzalinyamule pamiyendo, silolemera.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti sipanala zimene anabwereka kwa mnzawo asunge, zapeza mwini. Moni kwa ana onse, makamaka wamng'onoyo amene ankati galimoto ya amalume ake imayenda chozemba. Mwana wanu akupereka moni. Panali wina amene ankandilanda cholembera kuti awonjezere mzere wake pansi pa kalata zanga, wonena kuti musamakhulupirire zonse zimene ndalemba. Malo ake ndawasiya pansipa.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.