Chimangirizo cha Tadala

Amayi, kodi kumene muliko mukupezako bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti ine mutu ukundiwawa, ndipo woupweteketsa ndi mwana wanu wachitsiriza uja. Koma ndiyambe ndi zabwino, pajatu munkati mlendo salonjeredwa ndi madandaulo.

Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, wachira mwezi wathawu ku Kasinje. Ndi mwana wamkazi, wonenepa bwino, ndipo abambo amupatsa dzina lanu. Chimanga takolola chokwanira, ngakhale kuti kumunda wa kumtsinje anyani anatithandiza kukolola osapemphedwa. Kachewere ndiye ayi, chiwawu chinamutentha masamba asanaike n'komwe. Mbuzi yanu yamawanga ija idakalowabe m'dimba la eni ake, ndipo abambo akukana kuigulitsa. Akuti ndi yanu. Ndinawauza kuti ngati ndi yanu, milandu yake azikayankha okha.

Tsopano imvani zanga. Kusekondale yoyendera kuja kufupi ndi Manjawira ndidakaphunzitsabe mbiri yakale. Mphunzitsi wa Chingerezi anamusamutsa teremu itangoyamba, ndipo mpaka lero sanatitumizire wina. Ana a Fomu 4 atalemba mayeso oyeserera, phunziro langa analakwa pafupifupi onse. Ahedi anandiitana n'kundiuza kuti, "Madamu, popeza nkhani zanu zonse n'zakale, inu ndi amene muziwaphunzitsa aneni a nthawi yakale masana akaweruka." Anangonena choncho basi, ngati akundituma madzi akumwa.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti anawa mbiri amaidziwa. Mukawafunsa m'Chichewa mmene Angoni anaolokera Zambezi, amafotokoza ngati analipo, mpaka kutsutsana za ng'ombe zimene zinamira. Koma muwapatse pepala kuti alembe zomwezo m'Chingerezi, mupeza kuti Angoni aja akuolokabe mtsinje mpaka lero. Inu sukulu munalekera Sitandade 3, ndiye ndikufotokozereni. Ife tikafuna kunena zakale timangoika ka "na" pakati: ndinapita, ndinagula, ndinadya. Azungu zimenezo anakana. Aneni ena amawamata "ed" kumchira, ena amasinthiratu nkhope. Kupita ndi "go", koma ngati unapita dzulo akuti "went". Mawu awiriwa alibe chibale ngakhale cha kuchimuna. Mtsikana wina anandilembera "goed". Ndinamukonza bwinobwino, iye n'kugwedeza mutu kuti wamva. M'mawa mwake anabwera ndi "wented". Ndinatuluka panja kukaima pansi pa mtengo wa bulugama kuti ndisalankhule zoti ndidzapepese.

Ndiye si aneni okha. Ena amalemba tsamba lathunthu popanda mpumiro ngakhale umodzi, chiganizo chimodzi kuchokera ku Zululandi mpaka kudzafika ku Ntcheu osapuma. Ndime sadziwa kuti imayambira pati. Masana onse ndimakhala ndikukuwa pabolodi, choko mpaka m'tsitsi, mawu atasasa.

Tadala, mwana wanu wachitsiriza uja, ali m'kalasi momwemo. Mukudziwa kuti chaka chatha mayeso anafika patangopita masabata ochepa titakuikani m'manda, ndipo sanakhoze. Ndinamutenga kuti azikhala ndi ine abwereze. Amalume sanakondwe nazo. Abwera kale kawiri ndi nkhani ya mnyamata wina woyendetsa minibasi amene akufuna kumukwatira, akuti mtsikana wakula, akalephera kachiwiri asatitayitsenso nthawi. Ine ndinawayankha kuti salephera. Ndinayankha mokweza, pamaso pa anthu, ndiye mukhoza kuona pamene ndaima.

Sabata zitatu zapitazo ndinawapatsa ntchito yoti alembe chimangirizo cha tsamba limodzi, chofotokoza munthu wa m'banja mwawo ndi zimene anachita kale, aneni onse akhale a nthawi yakale. Makope atabwera ndinali nditatopa. Ndinkangosaka aneni ndi bolopeni yofiira ngati munthu wosankha miyala mumpunga, osawerenga n'komwe nkhani yake. Nditafika pa kope la Tadala ndinaona "is" pamzere woyamba, "is" pachiwiri, "sells", "wakes", mpaka pansi. Panalibe mneni ngakhale mmodzi wa nthawi yakale. Mwana amene ndimadya naye mbale imodzi, amene ndimamubwerezetsa aneni tikutsuka mbale! Ndinakhwatcha tsamba lonse mpaka pepala kubooka.

M'mawa mwake ndinalowa m'kalasi kope lili m'manja. Ndinati, "Lero muona chitsanzo cha munthu amene makutu ake ndi zokongoletsera mutu." Ndinatchula dzina lake, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Amayi, ndinazindikira ndili pa mzere wachitatu kuti nkhaniyo ndi yanu. Analemba kuti mumadzuka nkhuku zisanatsike, kuti mumagulitsa tomato ndi kachewere pamsewu pa Nsipe, kuti mukamaseka mumaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje chifukwa cha dzino lija linaguluka. Zonse analemba ngati mudakali pamsika pomwepo.

Munthu wanzeru akanatseka kope. Ine ndinali nditayamba kale, ana makumi asanu akundiyang'ana, ndipo manyazi anandisandukira ukali. Ndinati, "Apa sitinena kuti 'is', timati 'was'. Tadala, tanena." Iye anayamba kulongedza mabuku ake. Ndinabwereza. Anaimirira, n'kutenga chikwama chake, n'kutuluka osatseka chitseko. Nditafika kunyumba ndinapeza watenga zovala zake ziwiri. Madzulo Yohane anandiimbira foni kuti mwana ali kumudzi kwa abambo.

Ndinakhala masiku anayi osamutsatira. Ndinkati abwera yekha, mayeso ndi ake, si anga. Komanso ndisakubisireni, ndinakukwiyirani inuyo. Ndinu munamulera ngati dzira mwanayu. Ine ndikalakwa munkandithyolera kamtengo ka pichesi, koma iye akalakwa munkati, "Musiyeni, ndi wamng'ono." Taonani tsopano, wamng'ono uja ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mwandisiyira ine, ndipo akakwiya amangonyamuka ngati nkhanga. Koma tsiku lililonse ndikaima pabolodi, malo ake ali opanda munthu, ndinkamva mawu anu aja akuti wosenda mbatata atakwiya amasenda chala chake.

Loweruka ndinakwera minibasi mpaka pa Nsipe, n'kukwera mtunda uja wapansi. Ndinamupeza kudimba akuthirira mpiru. Sanandilonjere. Ndinatenga ndowa ina n'kuyamba kutunga, tinathirira mizere iwiri. Kenako ndinati, "Iwe, mayeso atsala mwezi umodzi. Ukufuna amalume aseke?"

Anati, "Achemwali, mukuganiza kuti sindidziwa kuti ndi 'was'? Ndimadziwa. Ndinayamba kulemba choncho, dzanja linakana."

Ndinati, "Nanga osandiuza bwanji?"

Anati, "Mukanamva? Inu chiwaikireni amayi simunawatchulepo m'nyumba muja. Mumangotchula aneni."

Ndinafuna kumuyankha kuti wina ayenera kugwira ntchito pamene ena akulira, kuti ine ndi amene ndinathamanga ndi zonse za pamaliro. Koma mawu oona anali ake. Ndinakhala pansi pa mzere, siketi yanga ya kutchalitchi m'matope, ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire tsiku lija. Iye anangoima ndi ndowa yake, kenako anati, "Mwakhalira mpiru." Ndi mwana wanu ameneyo, Amayi. Munthu akulira, iye akuwerenga mpiru.

Ndinamupepesa. Sizinali zophweka, poti ine ndi mkulu wake komanso mphunzitsi wake, koma ndinapepesa. Ndiye ndinamuuza kuti za inu azisiye mmene zilili, alembe za abambo, za ulendo wawo wa kumigodi ku Joni. Iwo alipo, akutafuna chimanga chokazinga pakhonde, ndiye kuwalemba m'nthawi yakale sikuwachotsera kanthu.

Apa ndi pamene ndinadziputira mavuto ena. Abambo atamva kuti akufunidwa pa nkhani ya sukulu, analowa m'nyumba kukavala jekete. Anafotokoza kuyambira tsiku limene anawayeza pachifuwa powalemba ntchito, sitima, chikepe chotsikira pansi pa nthaka, mnzawo wa ku Dedza amene mwala unamuphwanya phazi. Tadala ankalemba, ine ndikuthandiza aneni. Koma mdala uja anayamba kunditsutsa, akuti Chingerezi changa n'cha m'mabuku, iwo anachimva kwa azungu enieni. Chimene ankanenacho si Chingerezi n'komwe, ndi chilankhulo chawo chosakaniza cha kumigodi chija. Ndinawauza mwaulemu kuti wochonga mayeso sanapiteko ku Joni. Anati ndiye vuto lake limenelo. Dzuwa linapendeka tikukangana za mneni mmodzi.

Komabe Tadala analemba masamba awiri, ndime zake zooneka bwino, mipumiro ili m'malo mwake. Ndinapeza zolakwa zisanu zokha. Lolemba tinabwerera limodzi, ndipo ndinaima pamaso pa kalasi lonse n'kunena kuti ndinalakwa kuwerenga kope la munthu ndisanaliwerenge ndekha. Ana anangoti kukamwa yasa, sanamvepo mphunzitsi akutero. Ntchito ya Tadala ija ndawapatsa onse, aliyense akafunse wamkulu wa kwawo za kale n'kulemba. Zikuyendako, ngakhale dzulo lomweli mng'ono wangayo wandilembera "teached", atandiyang'ana m'maso, ndipo sindikudziwa ngati ndi umbuli kapena chipongwe.

Mayeso atsala masabata awiri. Sindingakulonjezeni kuti akhoza, poti mutu ndi wake. Chimene ndikulonjeza n'chakuti m'chipinda cha mayeso alowamo, ngakhale nditachita kumubereka kumsana, ndipo amalume ndi mnyamata wawo wa minibasi adikira. Akamaliza tibwera tonse awiri kudzalambula pamanda panu. Tsamba lija ndinaliononga ndi inki yofiira, ndiye ndalikopera pa pepala lina ndi dzanja langa, mmene iye analembera, osasintha mneni ngakhale mmodzi. Tidzakuwerengerani, iye m'Chingerezi, ine ndikumasulira.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale mwandisiyira ntchito.

Ndine mwana wanu woyamba,
Enelesi