Nyemba Inatsalira M'manja

Lolemba, 7 Novembala 1994

Kaderno watsopano, buku langa lolembamo. Wakale zidadya mbewa, pamodzi ndi theka la sopo.

Chaka ndi mwezi tsopano ndili pa loja, sitolo ya a Vitorino, pano pa Entre Lagos. Mchere, sopo, palafini, makapulana (zitenje), singano. Kugona kuseri, pafupi ndi matumba. Sindidandaula.

Dzulo kwa amayi, monga Lamulungu lililonse. Kutsata njanji mpaka Nayuchi, kenako maola awiri ndi theka wapansi kukafika kwa achemwali anga a Hermínia, kumene adakwatiwa. Nkhondo itatha anthu tonse tidabwerera kuchokera ku Malawi, amayi adatsala komweko. Miyendo yatupanso. Ndinawasambitsa, kuwawenga zikhadabo, kuwaluka tsitsi. Funso lawo lomwe lija: "Ivete, kwathu kuli bwanji?" Ndinati kuli bwino, mvula yayandikira.

Pamsika pali nkhani. Lamulo lija la komiti ya msika, loti Lamulungu munthu asatsegule malonda mpaka 3 koloko masana, ena akuti lichoke. A Vitorino Lamulungu satsegula n'komwe chifukwa cha lamulo limenelo. Amati kutsegula maola awiri n'kungotopetsa loko. Tsiku langa ndi lomwelo. Lina ndilibe.

Lachinayi, 10 Novembala

Kutentha. Komboyo, sitima ya panjanji, sinabwere.

A Mastura, amene amagulitsa nsomba pa benchi patsogolo pa loja yathu, lero anali pamoto. Iwo ndi Asilamu a ku Chiuta. Amuna awo a Bakari amabweretsa makumba ndi milamba panjinga. Zikafika Loweruka madzulo, zaziwisi pofika Lolemba zimakhala zayamba kununkha.

Anati, "Lachisanu titseke cha Mulungu wathu, Lamulungu titsekenso cha Mulungu wanu. Nanga nsombazi zimapemphera kuti?" Anthu kuseka. Inenso ndinaseka, nditabisa pakamwa ndi kapulana.

Samanama. Lolemba lapitali ndidawaona akukwirira theka la dengu kuseri kwa msika.

Masana anandigawira chinangwa chophika, monga mwa masiku onse. Amanditcha a Chete. "A Chete, idyani, pakamwapo pagwireko ntchito ina." Chibwerere kuno palibe wina adandipatsapo dzina.

Iwo amaganiza kuti ku Nayuchi ndili ndi chibwenzi. Lolemba lililonse: "Achimwene aja ali bwanji?" Ine kungomwetulira. Sindinawauzepo za amayi. Sindidziwa chifukwa chake.

Lamulungu, 13 Novembala

Ndapita, ndabwera. Mapazi akuyaka.

Ndinawatengera mchere ndi kabotolo ka mafuta odzola. Anagwira botolo nthawi yaitali, kulinunkhiza. Akuti mchere wa kuno umakoma kuposa wa ku Malawi. Mchere ndi womwewo. Sindinawatsutse.

Anafunsa ngati njira ya kwathu ku Amaramba yatseguka, ngati chitsime cha kumunsi kwa munda wathu chilipobe. Ndidangofikako kamodzi, chaka chatha. Nyumba palibe, udzu wokhawokha mpaka m'khosi. Ndinati chitsime chilipo.

Achemwali ali ndi ana anayi, munda, ndi apongozi awo odwala. Amachita zimene angathe. Koma amayi safuna kuvulidwa ndi wina. Akuti manja a Hermínia ndi achangu.

Pobwerera ndinaima pang'ono pamalire. Kumbuyo amayi, kutsogolo kwathu. Zaka zisanu ndi ziwiri tinkayang'ana kuno tili uko. Lero ndikuyang'ana uko ndili kuno.

Lachitatu, 16 Novembala

Msonkhano wa komiti pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinkamvera pakhomo la loja.

A Efraimu, akatekista, analankhula nthawi yaitali. Akuti lamuloli lidaikidwa anthu atangobwerera, kuti mudzi ukhalenso mudzi, anthu azikumana, aziyenderana, azifunsana za omwe adasowa. Akuti nkhondo idasokoneza masiku, munthu osadziwa kuti lero n'lachingati. Sabata likhale ndi mutu wake.

A Vitorino anayankha: "Nkhondo yatitsekera maloja zaka khumi. Lero mtendere utitsekerenso?" Anawonjeza kuti a ku Malawi amakhala ndi mpata Lamulungu, amabwera ndi makwacha, n'kupeza zitseko zokhazokha. Komboyo ikachedwa n'kufika Lamulungu m'mawa, apaulendo amasowa ndi machesi omwe.

A Mastura anakuwa ali pa benchi pawo: "Amene akufuna kupemphera, alipo wamugwira mwendo?"

Onse akunena zoona. N'chimene chikundipweteka. Palibe amene watchula za ife ogwira ntchito kwa eni. Abwana akatsegula, wopemphera ndi iwo, woima pa kauntala ndi ine.

Asekretariyo a Adamu, mlembi wa komiti, atopa nazo. Akuti Loweruka tichite monga tinachitira pa chisankho mwezi watha. Mobisa. Aliyense wogulitsa pamsika, mwini kapena wantchito.

Madzulo a Vitorino: "Iwe, ukudziwa choponya, eti?" Ndinagwedeza mutu.
A Mastura potola nsomba zawo: "A Chete ndi athu awa." Ndinagwedezanso.

Mutu wanga umanama kuposa pakamwa.

Loweruka, 19 Novembala

Ndilembe mmene zinayendera, mwina zichoke pamtima.

Anamanga kapulana pakati pa njinga ziwiri. Kuseri kwake chitini cha mafuta chobowola pamwamba. Aliyense amapatsidwa njere imodzi ya chimanga ndi nyemba imodzi. Chimanga, lamulo likhale. Nyemba, lichoke. Uponye imodzi m'chitini, yotsalayo uitaye m'thumba limene anapachika potulukira, wina asaone.

Tinali pamzere ngati tsiku la chisankho lija, kuseka, kunyozana. Wina anafunsa ngati nkhuku za a Adamu zidzaloledwa kuwerenga nawo mavoti.

Kuseri kwa kapulana ndinaima. Ndekha. Palibe maso. Ndinaona amayi ali pa mkeka, tsitsi litamasuka theka. Ndinaponya chimanga. Chinalira m'chitini ngati mwala, ndinaganiza kuti msika wonse wamva.

Ndinatuluka mothamanga, thumba lija osaliona.

A Mastura anali patsogolo pomwepo. Anandigwira dzanja mwa chisangalalo. "Manja ozizira chonchi dzuwa lonseli? Mwafumbata chiyani, ndalama ya achimwene aja?" Anatambasula zala zanga akuseka.

Nyemba.

Anaiyang'ana. Anandiyang'ana. Anapinda zala zanga bwinobwino, monga munthu akubweza chinthu cha eni ake, n'kupita kukaima ndi amuna awo. Sananene kanthu kwa wina aliyense. Bola akadanditukwana.

Anawerengera pa lichero. Nyemba 41, chimanga 26. Lamulo lachoka, kuyambira pa 27.

Ndaluza zonse ziwiri, Lamulungu ndi a Mastura, ndi njere imodzi.

Lamulungu, 20 Novembala

Lomaliza. Ndinanyamuka kusanache bwino kuti ndikakhalitse.

Ndinachapa zonse, bulangete lomwe. Tsitsi ndinaluka timizere ting'onoting'ono, toti tikhalitse. Amayi anati, "Lero ukukoka bwanji, ukundikwatitsa?" Anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinauza achemwali kuseri kwa khitchini. Anati ntchito ndi ntchito, usaitaye, kuno kulibe poti n'kukusunga. Anati amayi awauza okha pang'onopang'ono.

Potsazika amayi anati, "Ufike msanga Lamulungu, kusanatenthe." Ndinati eya.

Lachitatu, 23 Novembala

A Mastura asamutsa benchi yawo. Ali tsidya lija, pafupi ndi ogulitsa tomato. Patsogolo pa loja patsala mamba a nsomba m'dothi, ndi ntchentche zosadziwa kuti anthu asamuka.

Masana ndinadya ndekha kuseri kwa kauntala.

Lamulungu, 27 Novembala

Tatsegula 6 koloko. Anthu mbwee. A ku Malawi ndi njinga zawo, makapulana khumi ndi anayi atuluka usanakwane masana. A Vitorino anapita ku Misa atavala jekete, pobwera nkhope ili ngwee. Anandigulira fanta. Koyamba.

Chitsulo cha kutchalitchi chitalira, manja anga anaima okha. Nthawi imeneyo ndimakhala nditadutsa Nayuchi, pa mlatho waung'ono uja.

Panabwera mayi wina wa mudzi woyandikana ndi kwa achemwali, ndinamudziwa nkhope. Ndinafuna kumupatsira mchere. Ndinaukonza kale m'pepala. Anagula singano, ndinamupatsa chenji, anapita. Mchere uli pomwepo pa shelefu.

Nsomba za a Mastura zinatha dzuwa lili pamutu. Ndinawaona akugubuduza dengu lopanda kanthu, akuseka ndi a Bakari. Ndinakondwera. Zoona, ndinakondwera. Kenako ndinalowa kuseri kukawerenga matumba amene ndinawawerenga kale.

Lamulungu, 4 Disembala

Loja.

Mvula yoyamba. Kaya denga la kwa achemwali adalifolera.

Lachiwiri, 6 Disembala

Alamu anga a Kondwelani, amuna a achemwali, anabwera kudzagula mbewu. Sanakhale pansi.

Akuti Malamulungu awiri onsewa amayi anauza ana kuti awakokere mkeka kunjira, pansi pa mtengo wa mthethe. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. La dzana mvula inawapeza pomwepo. Achemwali akabwera ndi madzi osamba, amakana: "Asiye, akubwera mwini wake." Tsitsi salola munthu kulikhudza.

Achemwali adawauza za ntchito. Iwo anayankha kuti Ivete akadanena yekha.

Alamu anati, "Sindikukuimba mlandu, mlamu. Ndangoti udziwe." Ndinawapatsira mchere uja.

Lachinayi, 8 Disembala

Ndinakonza mawu kuyambira m'mawa, ndikusesa. Abwana, ndikupempha Lamulungu. Mawu anayi okha, ndi dzina lawo lomwe atatu. Ngakhale kuwerenga kwandisokonekera.

Madzulo ndinaima pafupi ndi mpando wawo. Anatukula mutu. "N'chiyani, palafini watha?"

Ndinati eya, watsala pang'ono.

Mawa akaitanitsa palafini wina ku Cuamba. Dramu ili theka.

Loweruka, 10 Disembala

Masana ndinapita tsidya lija ngati wogula. Ndinaloza mlamba umodzi wowamba. A Mastura anaukulunga osandiyang'ana. "Kulipira ndi chimanga kapena nyemba?"

Sindikudziwa chinachitika n'chiyani. Ndinayamba kulankhula nditayang'ana mlambawo. Za amayi, miyendo, mkeka wa kunjira. Za abambo amene tidawaika m'njira pothawa, osafika nawo ku Malawi. Kuti ku Nayuchi kulibe mwamuna aliyense. Ndinalankhula mpaka wogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda.

Anakhala chete. Iwo, a Mastura, chete.

Kenako: "Chaka chathunthu ndikukudyetsa chinangwa, ndikukuseka za chibwenzi, iwe uli phee? Mwana woipa iwe." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, akuti ndi utsi wa nsomba.

Ndinati ndikhululukireni za nyemba ija. Anati nyembayo ndikaphike. Anati ngakhale akadadziwa, akadaponyabe yawo, nsomba sizidikira amayi a munthu. Koma akadapita nane kwa a Vitorino tsiku lomwelo.

Ndinati mwina mungakandinenere.

Anakana. "Ine Lachisanu amanditsekera ndani? Sekretariyo? Ndimavundikira dengu langa ndekha, ogula ataima pomwepo. Iwe unazolowera kuti a Adamu azikutsekera chitseko. Ayi, a Chete, apa pokha pakamwa ndi pako."

Mlamba sanalandire ndalama yake. Anawonjezapo wachiwiri. Akuti wina ndi wa amayi, ndikawauze kuti wachokera kwa chibwenzi chija.

Lamulungu, 11 Disembala

Ndikulemba nditakhala pa chitsulo cha njanji, pafupi ndi malire. Asilikali sanatsegule, akumwa tiyi.

Ndinadzuka, kusesa m'loja, kudzaza mabotolo a palafini, kupachika makapulana monga amafunira. Kenako ndinatseka, n'kupita kunyumba kwawo ndi kiyi. Anali pakhonde akupukuta nsapato za ku Misa, akazi awo a Adelaide akuwathirira tiyi.

Ndinagwada, kuika kiyi pa tebulo. Ndinati, "Abwana, lero sinditsegula. Amayi anga akudwala ku Malawi. Lamulungu lililonse ndizipita." Mawu anatuluka aang'ono, koma onse.

Anandiyang'ana ngati yalankhula ndi mbuzi. Anati, "Uli ndi amayi iwe?" Kenako anati atsikana ofuna ntchito ndi ambiri pa Entre Lagos, tsiku la malonda ndi lomweli, ndiganize bwino. A Adelaide anatenga kiyi uja n'kumuika m'thumba la diresi lawo, osati la amuna awo. Sindikudziwa tanthauzo lake.

Zovala zanga ndasiya kuseri kuja. Kaya mawa ndikazipeza mkati kapena pakhomo.

M'kathumba muli milamba iwiri, sopo, chipeso. Kumadzulo kwachita mdima, mvula ingandipeze pa mlatho. Ndikafulumira ndiwapeza asanawakokere mkeka kunjira.

Asilikali atsegula.