Makapu Atatu a Atata

Nyimba,
9 Ogasiti, 1959.

Okondedwa alongo anga a Elizabeth,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Kitwe kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili moyo. Chimanga chalowa m'nkhokwe, amama mwendo uja waleka kutupa, ndipo Olipa wathu wakhazikika kwa mwamuna wake ku Msanzala. Za manyazi a pa ukwati wake mwamva kale, ndikudziwa, chifukwa nkhani zoipa sizidikira basi. Koma mwamva theka chabe. Theka linalo landikhala pakhosi masabata atatu, ndiye lero ndikutulirani inu.

Mukudziwa kuti ndimaphikira dona wachipwitikizi uja wa sitolo ku Kacholola, ndipo mukudziwanso mmene atata amaionera ntchitoyi. Zaka zinayi zonsezi sanalawepo chilichonse cha m'manja mwanga. Alendo akafunsa za ine amangoti, "Uyu ni wa mapoto," n'kuyamba nkhani ya mvula.

Dona ali ndi chakumwa chake chimene amachitcha sangiriya. Umadula malalanje mopyapyala osasenda, kufinyiramo mandimu, kuponyamo papaya ndi shuga, kenako vinyo wofiira, n'kuvundikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Zipatso zimamwa vinyo, ndipo ukali wonse umabisala pansi pa kutsekemera. Atamva za ukwati, dona anandipatsa mabotolo atatu. Ndinasakaniza mumtsuko wa amama kuseri kwa nkhokwe, ndi kuukulunga ndi saka lonyowa kuti uzizire. Ndinkati ndi cha anyamata a kuchimuna, aone kuti wa mapoto nayenso amadziwa zinthu. Kunali kudzionetsa, alongo, palibenso china.

Cha m'ma 3 koloko atata anatulukira kuseriko thukuta lili kamukamu, atachoka koperekeza alendo pa njinga. Anasuzumira mumtsuko, malalanje ali yandayanda.

"Ni chani ichi, Edmond?"

"Ni zipatso chabe, atata."

Anatuluka okha mawuwo, ndipo sindinawabweze. Inu mukukumbuka kuposa ine mmene kunalili kwathu atata asanaleke mowa, masiku amene amama ankatibisa kwa azakhali. Zaka khumi ndi chimodzi sanakhudze ngakhale dontho, zisanu ndi chimodzi mwa izo ali mkulu wa mpingo. Zonsezi ndinkazidziwa nditagwira kapu m'manja.

Anamwa, natafuna ndi khoko lomwe la lalanje, n'kundiyang'ana.

"Wapanga wekha? Manja yako ni yabwino, mwana wanga."

Alongo, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, koma mawu amenewa ndinali ndisanawamvepo. Anafika poitana a Daka, mkulu mnzawo wa mpingo, "Bwelani mulaweko, mwana wanga ndiye wapanga." A Daka anangonunkhiza, n'kuika kapu pansi. Ine ndinaona. Kapu yachiwiri ndinawathirira atata ndine, yachitatunso ndine. Ndinkafuna anenenso.

Zotsatira mwazimva. Anayambitsa nyimbo ya pamowa pamaso pa abusa, anavula jekete n'kuvina, mpaka anagwera pa benchi la apongozi a Olipa. Olipa analira atavala zoyera zake. Amama sanalire, anangolowa m'nyumba ndi kukhala pansi, ndipo ndikanakonda akanalira.

Loweruka lotsatira akulu a mpingo anaitana atata. Ndinawatsatira kuti ndikaulule, koma pakhomo la tchalitchi atata anandiika dzanja pachifuwa. "Iwe nkhala panja." Mkatimo, monga anandiuza a Daka pambuyo pake, atata anati anamva fungo pachiyambi pomwe, ndipo anamwa mwadala, mwana wawo atawachenjeza. Awachotsa pa ukulu, ndipo mgonero sadya chaka chathunthu.

Pobwerera tinkayenda pansi tikukankha njinga. Ndinawafunsa chifukwa chake ananama m'nyumba ya Mulungu pofuna kuteteza ine. Anandiyankha titafika pa mlatho.

"Kapu yoyamba sininadziwe. Yachiwili ninadziwa bwinobwino."

"Nanga munalandiliranji?"

"Unali kumwetulila. Kuchokela uli mwana sininakuonepo ukumwetulila nili pafupi. Ninaopa kuti nikakana, uzaleka."

Ndinalira pamsewu waukulu ngati kamwana, lole ya thonje ikudutsa, anthu akundiona. Atata anandiletsa kupita kwa abusa, akuti mlandu watha ndipo anthu awiri sasenza manyazi amodzi. Koma ine sindikupeza mtendere. Pamudzi pano onse akunena za atata kuti, "A Gideon abwerera ku botolo," pamene botololo ndinabwera nalo ndine. Ndafuna kuti m'banja mwathu mukhale munthu mmodzi wodziwa amene anagwira kapu.

Pempho langa ndi ili. Mukamawalembera, musawadzudzule, chonde. Ngati mkwiyo ulipo, keyala yanga ku Kacholola mukuidziwa. Olipa ndikamuuza ndekha pamaso, ndikapeza mphamvu.

Lamlungu atata amakhala pa benchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala oimitsidwa. Amavalabe jekete lawo lakuda lija. Ine ndimapalasa njinga kuchokera ku Kacholola kudzakhala pambali pawo, ndipo mbale ya mgonero ikamadutsa, nanenso ndimaileka ipite.

Mupereke moni kwa alamu a Simon ndi ana onse. Amama akuti zikomo chifukwa cha duku. Atata nawonso akupereka moni. Ali pompano pakhonde ndi mpeni wawo, akudula malalanje mokhuthala kwambiri, sakumva ndikawauza. Mmawa uno anandipempha kuti ndiwapangirenso chija, koma ndi madzi a pachitsime okhaokha. Kunena zoona sichikoma, alongo. Amwa kale makapu awiri, ndipo akuti ndiwathirirenso.

Ine mlongo wanu wolakwa,
Edmond.