Mwala wa m'Sutikesi ya Marcelino

Lolemba, 11 Ogasiti 1958

Lero atsegula sutikesi ya malemu Marcelino. Pansi pa malaya apeza mwala wopiringizika ngati nyanga ya nkhosa, wa mizere ngati nthiti. Mayi Filesi, mlongo wake wa malemu, angoti, "Ndi ichi chadya mchimwene wanga." Akuloza Esnat, mkazi wa malemuyo. Akuti tikangometa Loweruka, achoke pakomboni ndi ana ake awiri. Esnat ali duu, mutu pansi. Mwambo wa kwawo, namfedwa sayankha milandu asanamete.

Zamkutu. Ine mphunzitsi wa papurazi pano, pamunda wa fodya uno, ndilipo, nkhaniyi ndithana nayo.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Mwala uja ndaunyamula ndekha kupita nawo kwa Dona, mkazi wa mzungu mwini mundawu. Osankha fodya kushedi kundipatuka ngati ndagwira njoka. Dona watsegula buku lake: pachithunzi mwala womwewo, ndendende. Amonaiti. Kanyama ka m'nyanja yamchere, kachigoba ngati nkhono. Mtundu wake unatha anthu asanakhaleko, chigobacho n'kusanduka mwala. Akuti kuno ku Karoi sungaupeze, mwina ndi wa kugombe la kwa Apwitikizi.

Ndabwerako ndikuimba mluzu.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndafotokoza zonse pamaso pa akuluakulu, pang'onopang'ono ngati m'kalasi. A Bizwell, foromani wathu, andisiya ndimalize. Kenaka: "Aphunzitsi, mwati chinali chamoyo?" Ndati inde. "Nanga anachisandutsa mwala ndani?"

Anthu onse maso kwa Esnat. Ndaipitsa ndine, ndi pakamwa pangapa. Manyazi andigwira, ndipo mayi uja ndikumumvera chisoni.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Buku silinaname, pamenepo sindisuntha. Koma Esnat wayamba kumanga mapoto m'thumba.

Loweruka, 16 Ogasiti

Tameta m'mawa. Lumo litangochoka pamutu pake, Esnat wadzutsa nkhope.

"Mwalawu ndi chikole changa. Marcelino anautola kunyanja ali pachibalo kwa Apwitikizi. Pondifunsira analibe mpango, analibe ndolo, anandipatsa umenewu. Alamu, si inu munaseka mpaka misozi mutamva kuti mchimwene wanu watomera mkazi ndi mwala?"

Mayi Filesi auyang'ana mwalawo nthawi yaitali. "Ndi umenewu?"

Autola ndi manja awo, aupukuta ndi chitenje, auika pamiyendo pa Esnat. Kenaka akhala pansi pomwepo, ayamba kulira mchimwene wawo, mutu uli paphewa la mlamu wawo.